Makatani, Mithunzi ndi Mapu: Mbiri ya Luso Lowerenga Nyumba za Eni pa Kanema

Madzulo a pa 1 Seputembala 2019, mtsikana wa zaka 21 yemwe ankaimba m'kagulu ka nyimbo za achinyamata mumzinda wa Tokyo ku Japan adabwerera kwawo kuchokera kokasangalatsa anthu. Sadadziwe kuti kumbuyo kwake kukubwera munthu. Atangolowa m'nyumba ya nsanjika momwe ankakhala, mwamuna wa zaka 26 adamutseka pakamwa ndi thaulo, kumugwetsera pansi ndi kumuchita zachipongwe. Apolisi atamunjata, mwamunayo adalongosola mmene adapezera khomo la munthu amene sadamuuzepo komwe amakhala, ndipo zomwe adanena zidadzidzimutsa anthu mpaka kunja kwa Japan.

Adayamba ndi zithunzi zomwe mtsikanayo ankadzijambula n'kuika pa intaneti. Atazikulitsa, adaona kuti m'maso mwa mtsikanayo mukuoneka chithunzithunzi cha siteshoni ya sitima. Adasakasaka pa Google Street View mpaka adapeza siteshoni yofanana nayo, n'kukadikirira pomwepo. Adaonanso mosamala mavidiyo omwe mtsikanayo ankajambulira m'chipinda mwake, kuyang'ana mbali yomwe kudali makatani ndi mmene dzuwa linkalowera pazenera. Zimenezi zidamukwanira kuti adziwe nsanjika yake ndi chipinda chake. Chaka chotsatira khoti lidamulamula kuti akakhale kundende zaka ziwiri ndi theka.

Luso lomwe adachitira choipachi lili ndi mbiri ya zaka zoposa 100, ndipo ladutsa m'manja mwa asilikali, okonda masewero a pa TV, atolankhani ndi mbava. Njira zake sizidasinthe kwenikweni: kuyeza mthunzi, kuyerekeza chithunzi china ndi chinzake, kulumikiza tizidutswa mpaka mapu atuluke. Chasintha ndi nyumba yomwe ikuwerengedwa. Kale idali fakitale ya zida za mdani. Lero ndi chipinda chogona cha mnyamata kapena mtsikana amene amadya poulutsa mavidiyo pompopompo pa intaneti.

Kudayambira kunkhondo

Kujambula adani kuchokera m'ndege kudafala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma kudakhwima n'kukhala ntchito ya akatswiri ake pa nkhondo yachiwiri. Mu 1941 asilikali a mumlengalenga a Britain adasonkhanitsa anthu odziwa kuwerenga zithunzi m'chinyumba chotchedwa Danesfield House ku Medmenham, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Mudali ofukula zakale, akatswiri a miyala ndi nthaka, ojambula mapu, komanso amayi ambiri, mmodzi mwa iwo Sarah Churchill, mwana wa nduna yaikulu ya dzikolo.

Ndege za Spitfire zochotsedwa mfuti zinkauluka pamwamba kwambiri n'kumajambula zithunzi motsatizana, chilichonse chikubwerezako mbali ya chinzake. Zithunzi ziwiri zotere zikaikidwa pansi pa magalasi apadera, nyumba ndi mitengo zinkadzuka papepalapo n'kuima chilili. Kutalika kwa mthunzi, kukaphatikizidwa ndi tsiku ndi ola lomwe chithunzicho chidajambulidwa, kunkaulula msinkhu wa chipupa kapena nsanja. Amisiri ena pomwepo ankaumba tizifanizo ta madoko ndi madamu kuti oyendetsa ndege awone malowo asananyamuke, monga zidachitikira asanakaphwanye madamu a ku Germany mu Meyi 1943. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, Constance Babington Smith adaona kanthu kakang'ono kooneka ngati mtanda pa chithunzi cha ku Peenemünde, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic. Kadali kandege kopanda woyendetsa, bomba louluka la V-1 lomwe Germany inkakonzera mzinda wa London.

Nkhondo itatha ntchitoyi idapitirira. Mu Okutobala 1962, akatswiri a ku America adazindikira mizinga ya Soviet Union pa zithunzi zomwe ndege ya U-2 idajambula ku San Cristóbal, pachilumba cha Cuba. Mu 2001, Osama bin Laden atatulutsa vidiyo ali patsogolo pa thanthwe, John Shroder, katswiri wa miyala wa pa yunivesite ya Nebraska, adati miyala ya mtundu umenewo imapezeka kum'mawa kwa Afghanistan. M'mavidiyo otsatira kumbuyo kwa Bin Laden kudatchingidwa ndi nsalu. Ndipo asilikali asanakamuphe ku Abbottabad mu Meyi 2011, akatswiri adali ataumba kale kachifanizo ka mpanda wake wonse kuchokera pa zithunzi za setilaiti.

Nthawi yonseyi luso lidali m'manja mwa maboma, pakuti ndege ndi setilaiti zinkafuna chuma cha dziko lathunthu.

Nyumba zomwe simunkagona munthu

Anthu wamba adalowa m'ntchitoyi chifukwa cha chikondi. Ku America, mwamuna wina wogwira ntchito ku positi dzina lake Mark Bennett ankaonera masewero akale a pa TV atagwira pensulo. Wosewera akatuluka pakhomo lakumanzere n'kukaonekera kukhitchini, Bennett ankalemba. Akakwera masitepe n'kukhotera kumanja, ankalembanso. Mu 1996 adatulutsa buku la mapulani a nyumba za m'masewerowo, zojambulidwa bwinobwino ngati zoti mmisiri akamange. Patapita zaka, Iñaki Aliste Lizarralde wa ku Spain, katswiri wokonza m'kati mwa nyumba, adatchuka pa intaneti ndi mapulani a nyumba za m'masewero a Friends, Seinfeld ndi The Simpsons, mpaka mtundu wa kapeti ndi malo a firiji.

Ntchitoyi idali ndi mutu wake wowawa. Nyumba ya m'sewero imamangidwa mu situdiyo ndi zipupa zitatu zokha, mbali yachinayi n'kusiyira makamera ndi oonera. Zitseko zina sizipita kulikonse. Okonda Seinfeld akhala akutsutsana kwa zaka zambiri za kolido ya kunja kwa nyumba ya Jerry, yomwe ikajambulidwa papepala imadutsa pakati pa khitchini.

Makampani adaona kuti pali ndalama. Mu 1997 nyumba ya banja la Simpson idamangidwa yeniyeni ku Henderson m'chigawo cha Nevada, amisiri ataonera magawo oposa 100 a katuniyo, ngakhale mayi amene adaipata pa mpikisano adasankha kulandira madola 75,000 m'malo mwa nyumbayo. Mu 2018 kanema wa HGTV adagula ndi madola 3.5 miliyoni nyumba ya ku Los Angeles yomwe kunja kwake kunkaoneka mu The Brady Bunch, n'kuigumula m'kati kuti ifanane ndi zipinda za mu situdiyo, masitepe otchuka aja ndi zonse.

Chizindikiro cha mavuto chidaonekera pomwe sewero lidakhudza khomo la munthu weniweni. Eni nyumba ya ku Albuquerque yomwe idaoneka mu Breaking Bad adatopa ndi alendo oponya pitsa padenga potsanzira seweroli, ndipo mu 2017 adamanga mpanda wachitsulo.

Kamera italowa kuchipinda

Mu Epulo 1996, Jennifer Ringley, wophunzira wa zaka 19 pa Dickinson College ku Pennsylvania, adaika kamera pa kompyuta ya m'chipinda chake n'kuilumikiza ku intaneti. Kamerayo inkatumiza chithunzi chatsopano pakatha mphindi zochepa zilizonse, kaya iye akuwerenga, akugona kapena watuluka. Anthu miyandamiyanda adaonera JenniCam mpaka idatsekedwa kumapeto kwa 2003. Mu Malichi 2007, Justin Kan adamangirira kamera pa kapusi yake mumzinda wa San Francisco n'kuyamba kuulutsa moyo wake usana ndi usiku. Sipadapite masiku ambiri, apolisi adalowa m'nyumba mwake mfuti zili m'manja, oonera akuona: munthu wina adali ataimba foni yabodza yonena kuti mwachitika zoopsa.

Kuchokera mu Justin.tv, tsamba la Kan lija, mudabadwa tsamba loulutsira mavidiyo pompopompo la Twitch mu 2011, ndipo Amazon idaigula mu 2014 ndi madola 970 miliyoni. Apa ndi pomwe kuulutsa kudasanduka ntchito, ndipo ntchitoyi ili ndi chikhalidwe chomwe chimaika eni ake pangozi. Wosewera filimu amaoneka kwa maola awiri pamalo okonzedwa. Woulutsa pa Twitch kapena pa YouTube amakhala pampando umodzi maola ambirimbiri, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, m'nyumba momwe amagona. Akadzuka kukatenga madzi, oonera amamva chitseko chomwe watsegula ndi nthawi yomwe watenga. Wobweretsa chakudya akagogoda, amadziwa mbali yomwe kuli khomo lalikulu. Mvula ikagwa pazenera, magetsi akazima, ndege ikadutsa, zonse zimasungidwa pa vidiyo yomwe munthu angaibwereze mmene angafunire. Oonera amafunanso kulowa m'kati ndithu, ndipo mavidiyo oonetsa nyumba chipinda ndi chipinda, mwambo womwe pulogalamu ya pa TV ya MTV Cribs idatchukitsa kuyambira mu 2000, amakopa anthu ochuluka.

Zida zomwe zidali za maboma nazo zidatsikira kwa aliyense m'zaka zomwezo. Google Earth idatuluka mu 2005, Street View mu 2007, ndipo makampani ogulitsa nyumba monga Zillow adadzaza intaneti ndi zithunzi za m'kati mwa nyumba, zomwe nthawi zambiri zimatsalabe pomwepo nyumbayo itagulidwa kale. Mu 2009 akatswiri a pa yunivesite ya Washington adaonetsa kuti kompyuta ingathe kuumba chifanizo cha malo otchuka a mzinda wa Rome kuchokera pa zithunzi 150,000 za alendo, pasanathe tsiku limodzi.

Mbava sizidachedwe. Pakati pa 2008 ndi 2009, kagulu ka achinyamata a ku Los Angeles komwe kadatchedwa Bling Ring kadaba katundu wa ndalama pafupifupi madola 3 miliyoni m'nyumba za Paris Hilton, Orlando Bloom, Lindsay Lohan ndi ena. Ankaona pa intaneti tsiku lomwe mwini nyumba ali ku phwando kutali, n'kuyang'ana pa zithunzi za setilaiti polowera pabwino.

Mbendera ndi phiri

Chaka cha 2017 chidaonetsa zomwe khamu la anthu osadziwana lingachite likagwirizana. Wosewera mafilimu Shia LaBeouf ndi anzake awiri adayambitsa chionetsero chotsutsa Donald Trump pa tsiku lomwe adalumbiritsidwa, ndi kamera youlutsa usana ndi usiku ku New York. Zipolowe zitachuluka adasamukira ku Albuquerque, kenako mu Malichi adangokweza mbendera yoyera pamalo obisika, kamera itayang'ana kumwamba. Pa kanemapo pankaoneka mbendera ndi thambo basi. Anthu a pa tsamba la pa intaneti la 4chan adayerekeza mizere ya utsi wa ndege ndi ndandanda ya maulendo a ndege, adaona nthawi yomwe dzuwa likulowa, usiku n'kuwerenga nyenyezi. Chithunzi cha LaBeouf ali pamalo ena odyera chidawalozera ku Greeneville m'chigawo cha Tennessee. Mmodzi wa iwo adayendayenda ndi galimoto m'deralo akuimba hutala mpaka kulira kwake kudamveka pa kanemayo. Pasanathe masiku awiri mbendera idatsitsidwa.

Njira zomwezi zidagwiranso ntchito yolemekezeka. Eliot Higgins, yemwe adayamba kufufuza mavidiyo a nkhondo ya ku Syria ali kunyumba kwake ku Leicester mu 2012, adakhazikitsa gulu lofufuza la Bellingcat mu Julayi 2014, ndipo gululi lidalondoloza ulendo wa galimoto yonyamula mzinga womwe udagwetsa ndege ya MH17 kum'mawa kwa Ukraine n'kupha anthu 298.

Ku Africa kuno chitsanzo chachikulu ndi cha ku Cameroon. Mu Julayi 2018 padafalikira vidiyo yoonetsa asilikali akuyendetsa amayi awiri ndi ana awiri pamsewu wafumbi, kuwamanga kumaso ndi kuwaombera. Boma la Cameroon lidati ndi nkhani yabodza. Atolankhani a BBC Africa Eye, mothandizana ndi ofufuza ena, adatenga mzere wa mapiri ooneka kumbuyo n'kuufananiza ndi mapu mpaka udagwirizana ndi dera la pafupi ndi Zelevet, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo. Nyumba zomwe zidali zitamangidwa ndi zomwe zidali zisanamangidwe pa zithunzi za setilaiti zidaulula chaka. Mithunzi ya asilikaliwo idachepetsa nthawiyo kufika pakati pa 20 Malichi ndi 5 Epulo 2015. Mu Seputembala 2020, khoti la asilikali ku Yaoundé lidalamula anayi mwa iwo kukhala kundende zaka 10. Amayi aja ndi ana awo adaphedwa kutali ndi maso a anthu, ndipo chomwe chidawachitira umboni ndi phiri ndi dzuwa.

Apolisi nawo adayamba kupempha maso a anthu wamba. Kuyambira mu 2017, bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol limaika pa intaneti tizidutswa ta zithunzi zochokera m'mavidiyo ozunza ana, monga botolo la shampu, nsalu ya pabedi kapena zenera, kuti wozindikira dziko lomwe zinthuzo zimapezeka anene. Ku America, pulogalamu ya TraffickCam imapempha apaulendo kujambula zipinda za m'mahotela momwe agona, kuti ofufuza azifananize ndi zithunzi zomwe ogulitsa anthu amatsatsira malonda awo oipawo.

Mtengo womwe oulutsa alipira

Kwa oulutsa mavidiyo, kudziwika kwa khomo kwabala misozi yambiri. Mchitidwe woimbira apolisi foni yabodza kuti akazinge nyumba ya munthu, womwe umatchedwa swatting, udakula limodzi ndi Twitch chifukwa woimbayo amafuna kuonera zotsatira zake pompopompo. Mu Ogasiti 2014, Jordan Mathewson adagonekedwa pansi ndi apolisi amfuti ku Littleton m'chigawo cha Colorado ali pakati poulutsa gemu. Pa 28 Disembala 2017 ku Wichita, mkangano wa anyamata awiri pa gemu ya Call of Duty, wolimbirana ndalama yosakwana madola awiri, udathera pa imfa ya bambo wa zaka 28 yemwe sankadziwa chilichonse za gemuyo: adatsegula chitseko cha nyumba yake, wapolisi n'kumuombera. Tyler Barriss, yemwe adaimba foniyo ali ku Los Angeles, adalamulidwa mu 2019 kukhala kundende zaka 20.

Mu Januwale 2018, mwamuna wamfuti adayenda pa galimoto kuchokera ku New Mexico kukafika ku Austin n'kuthyola nyumba ya Gavin Free ndi Meg Turney, otchuka pa YouTube. Awiriwo adapulumuka pobisala mosungira zovala mpaka apolisi adafika. Mu Febuluwale 2020, woimba Pop Smoke adaphedwa ali ndi zaka 20 m'nyumba ya lendi ku Hollywood Hills, patangopita maola ochepa chiikireni pa intaneti mphatso zomwe adiresi ya nyumbayo inkaoneka pa chikwama chake. Mu Malichi 2025, anthu ovala zobisa nkhope adalowa usiku m'nyumba ya Amouranth, mmodzi mwa amayi otchuka kwambiri pa Twitch, ku Houston, n'kumumenya ndi mfuti akufuna ndalama zake za Bitcoin.

Woonera amene amajambula pulani ya nyumba ya woulutsa yemwe amamukonda, monga Mark Bennett ankachitira ndi nyumba za m'masewero, nthawi zambiri alibe cholinga choipa. Amakhala ataonera munthuyo zaka zambiri, ndipo amasangalala kudziwa kuti khitchini ili kuseri kwa chipupa chomwe amachiona tsiku lililonse. Koma pulaniyo ikangoikidwa pa intaneti, mwini wake sangasankhenso woiwerenga. Chipinda chogona, khomo lakuseri ndi zenera lopanda zitsulo zimaoneka chimodzimodzi kwa wokonda ndi kwa wachiwembu, ndipo amene amagona m'nyumbamo sadafunsidwe.

Malamulo akhala akutsatira m'mbuyo. California idakhazikitsa lamulo loyamba ku America loletsa kulondalonda munthu mu 1990, wosewera Rebecca Schaeffer ataphedwa pakhomo pake chaka chapitacho ndi munthu amene adapeza adiresi yake. Japan idapanga lake mu 2000, n'kulikonzanso mu 2016 kuti likhudze mauthenga a pa intaneti, ndiponso mu 2021 kuti liletse kulondola munthu ndi GPS. Apolisi a ku Seattle adatsegula mu 2018 kaundula momwe anthu oopa mafoni abodza angalembetse nyumba zawo. Ku Malawi, lamulo la 2016 loona za intaneti limati kuzunza kapena kulondalonda munthu kudzera pa makina ndi mlandu.

Nkhaniyi ikuyandikira kwathu pamene achinyamata a ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg akuulutsa pa TikTok ndi pa Facebook ali m'zipinda zawo. Mwambo wathu umathera mlendo pakhonde kapena pabalaza, ndipo ngakhale mwana wamkulu salowa chisawawa kuchipinda kwa makolo ake. Foni yokha ndiyo yalowetsa anthu zikwizikwi malo omwe m'bale weniweni safika. Komanso anthu a kuno amalondolerana njira ndi chigayo, mjigo, tchalitchi kapena mtengo wa mango, kotero sasowa sukulu kuti azindikire dera. Phiri la Soche kapena la Ndirande likangosuzumira pazenera, wa ku Blantyre wadziwa kale mbali ya tauni yomwe vidiyoyo yajambulidwira.

Makina nawo akuthamanga. Gemu ya GeoGuessr, yomwe idayamba ku Sweden mu 2013, yaphunzitsa m'badwo wonse kuzindikira dziko poona mtengo wa magetsi kapena mtundu wa dothi. Mu 2023 ophunzira a pa Stanford adapanga pulogalamu yotchedwa PIGEON yomwe idagonjetsa Trevor Rainbolt, mmodzi mwa akatswiri odziwika kwambiri pa gemuyi.

Oulutsa ayankha ndi njira zawo. Ambiri amatseka mazenera ndi makatani olemera usana wonse, amachedwetsa vidiyo ndi mphindi zingapo, amalandirira makalata ndi mphatso ku bokosi la ku positi, ndipo amapempha Google kuti iphimbe nyumba zawo pa Street View. Félix Lengyel, wodziwika kuti xQc, adasamuka m'nyumba yake ku Texas mu 2021 ponena kuti apolisi ankangobwerabwera chifukwa cha mafoni abodza. Ku Japan, kuyambira pomwe woulutsa wa katuni Kizuna AI adatulukira chakumapeto kwa 2016, pabadwa gulu lalikulu la oulutsa obisala kuseri kwa katuni, omwe nkhope yawo ngakhale chipupa cha nyumba yawo sizioneka konse. Ena omwe ali ndi ndalama amachita lendi situdiyo kutali ndi kwawo, n'kukonzamo chipinda chokhala ndi sofa, mashelefu ndi nyali zamitundumitundu kuti oonera amve ngati alowa m'nyumba. Chipindacho chimamangidwa monga zija ankajambula Mark Bennett, zipupa zitatu ndi kamera, ndipo ntchito ikatha mwini wake amakhoma chitseko n'kukagona kwina.